Ntchito ikakutopetsani mpaka m'mafupa: malangizo kwa dokotala wa mabanja

Amayi ena achikulire, omwe ndakhala ndikuwaona kwa zaka zambiri chifukwa cha matenda a shuga, anabwera tsiku lina dzuwa litapendeka. Nditawayeza n'kuwalembera mankhwala, sanadzuke pampando. Anayamba kundiuza kuti mchemwali wawo amene ankakhala naye nyumba imodzi anamwalira mwezi wathawo, ndipo kuchokera pamenepo chakudya sichikutsika chifukwa chodya okha. Pamene amalankhula choncho n'kuti ine nditaimirira kale, dzanja lili pachitseko. Makutu ankamva, koma mumtima munali zii. Maganizo anga onse anali pa anthu 7 omwe anatsala pabenchi ndi mulu wa mafayilo womwe unali patebulo. Iwo anandiyang'ana, anapinda kapepala kawo ka mankhwala bwinobwino, n'kunena kuti, "Pepani adokotala, ndakuchedwetsani. Lero mwatopa."

Atatuluka ndinapita pasinki kukasamba m'manja, ndipo ndinakhalitsa pamenepo madzi akungotayika. Kutopa ndinali nditakuzolowera. Chimene chinandiopsa n'chakuti munthu amene ndinkamudziwa bwino anandibweretsera chisoni chake, ine n'kuchiona ngati chondichedwetsa.

Ife madokotala a mabanja timadziwa chochita munthu akabwera atafooka. Timamufunsa mbiri, timamuyeza, timafufuza gwero la vuto, timapereka chithandizo, kenako timamupatsa tsiku loti adzabwerenso. Koma wofookayo akakhala ife eni, zonsezi timazidumpha n'kungodziuza kuti tilimbe mtima. Malangizo angawa akutsata ndondomeko yomweyo imene mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kungoti wokhala pampando wa wodwala ndinu.

Choyamba, dzifunseni mbiri

Kutopa wamba kumamva tulo. Mukagona bwino masiku awiri, mumadzuka muli ndi mphamvu. Kutoperatu kumene ndikunena pano sikumva tulo kapena tchuthi: mumabwerako kopuma, ndipo ikamakwana 10 koloko m'mawa wa tsiku loyamba mumakhala ngati simunapumepo. M'mabuku a zachipatala vutoli amalitchula kuti burnout. Amene analitchukitsa ndi katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger, yemwe mu 1974 analemba zimene ankaona mwa anthu ogwira ntchito mongodzipereka pakiliniki yaulere ku New York, iyenso ali mmodzi wa iwo. Anaona kuti ogwa msanga anali akhama aja, ofika oyamba n'kuweruka omaliza. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Mu 1981 Christina Maslach ndi Susan Jackson anatulutsa mndandanda wa mafunso 22 woyezera vutoli, ndipo anaonetsa kuti lili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kutha mphamvu, thupi ndi mtima womwe. Yachiwiri ndi kuuma mtima, pamene odwala amasiya kukhala anthu n'kusanduka katundu woti muchotse pamzere. Yachitatu ndi kudziona ngati palibe chimene mukupindula, ngati mukutunga madzi ndi dengu. Mu 2019 bungwe la WHO linaika kutoperatu m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11. Linanena momveka bwino kuti si matenda paokha, koma vuto lochokera kuntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunathetsedwe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikutiuza kumene tikafufuze gwero.

Tengani pepala ndi cholembera, muyankhe ngati mukuyankha dokotala amene mumamukhulupirira. Zinayamba liti? Chinasintha n'chiyani pa nthawi imeneyo: mnzanu anachoka osalowedwa m'malo, anabweretsa kompyuta yatsopano, munalakwitsa china chake, kapena kunyumba kunagwa vuto? Madzulo a tsiku lomaliza kupuma mumamva bwanji m'mimba mukaganiza za mawa? Ndi liti pamene munaseka ndi wodwala komaliza?

Mbali yachiwiri ija, ya kuuma mtima, ndi imene timaibisa kwambiri chifukwa imachititsa manyazi, choncho muifunse mwachindunji. Kodi mwayamba kutchula anthu ndi matenda awo, "wa shuga uja", "wa msana uja"? Wodwala akapanda kubwera pa tsiku lake, kodi mumasangalala m'malo modera nkhawa? Kodi namwino akagogoda ndi funso mumamuyankha mokalipa, pambuyo pake n'kudzimvera chisoni? Mukavomera zimenezi sindiye kuti ndinu munthu woipa. Mtima ukapanikizika kwa nthawi yaitali umadzitsekera kuti udziteteze, monga mmene khungu limachitira chikanga pamalo pokhuzika kawirikawiri.

Chachiwiri, akuyezeni wina

Apa ndi pamene ambiri a ife timazemba. Timadziyeza tokha BP, timadzilembera tokha mankhwala, kapena timaimitsa mnzathu m'khonde n'kumufunsa ngati za munthu wina. Siyani zimenezo. Pezani dokotala wanu, makamaka wosagwira naye ntchito chipatala chimodzi, mulembetse ngati wodwala aliyense, ndipo mukafika mumuuze kuti, "Mundione ngati wodwala, musandione ngati mnzanu." Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chifukwa chake mukuchidziwa kale. Kufooka kwa miyezi ingapo kumatha kukhala kuchepa kwa magazi, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, shuga, kubanika m'tulo, kapena matenda ena aakulu omwe angoyamba kumene. Wodwala wanu simungamuuze kuti "ndi ntchito chabe" musanamuyeze. Nanga inu mukudziuziranji choncho?

Chofunika kwambiri ndi kusiyanitsa kutoperatu ndi matenda ovutika maganizo. Ziwirizi zimafanana ndipo nthawi zambiri zimayendera limodzi, koma pali chizindikiro chothandiza. Kutoperatu kumamatirira kuntchito: mukakhala kutali ndi chipatala kwa masiku angapo, chakudya chimakomanso, ana akaseka nanunso mumaseka. Matenda ovutika maganizo amakutsatirani kulikonse, ndipo ngakhale zimene munkazikonda zimasuluka. Yankhani mafunso 9 a PHQ-9, oyezera matenda ovutika maganizo, omwe mumafunsa odwala anu aja. Mukapeza mapointi 10 kapena kuposerapo, pitani nazo kwa dokotala wanu, chifukwa pamenepo pakufunika chithandizo chenicheni, uphungu kapena mankhwala, osati tchuthi chokha. Ngati maganizo odzipha akufikirani, ngakhale mongodutsa, uzani munthu lero lomwe: mwamuna kapena mkazi wanu, mnzanu wapamtima, dokotala wanu. Musakhale nokha, ndipo mankhwala oopsa amene muli nawo pafupi mupatse wina akusungireni. Dokotala amadziwa bwino mankhwala ndipo amawapeza mosavuta, n'chifukwa chake nkhani imeneyi siyodikira mawa.

Muuzenso dokotalayo zoona zake za mowa ndi mapiritsi ogonetsa. Botolo limodzi loti mugone likasanduka atatu, kapena mukayamba kudzilembera mankhwala ochepetsa nkhawa, vuto lachiwiri layamba kumera pamwamba pa loyamba.

Ena amaona ngati kudzisamalira n'kudzikonda. Lumbiro la madokotala lotchedwa Declaration of Geneva linalembedwa mu 1948, ndipo pamene bungwe la World Medical Association linalikonzanso ku Chicago mu 2017, linawonjezeramo lonjezo lakuti dokotala azisamalira thanzi lake kuti athe kusamalira bwino odwala. Kupita kokayezetsa ndi mbali ya ntchito imene munalumbirira.

Chachitatu, fufuzani kumene mphamvu zikuthera

Munthu wotoperatu amati "zonse zandikwana", ndipo "zonse" sizichizika. Muyenera kudziwa malo enieni amene pakudontha. Kwa masabata awiri yendani ndi kabuku kakang'ono m'thumba. Lembani nthawi yofika ndi yoweruka, odwala amene mwaona, mphindi zimene zathera pa zolembalemba, kangati mwasokonezedwa muli ndi wodwala, ndi ntchito imene mwapita nayo kunyumba. Madzulo aliwonse onjezani mizere iwiri: chimene chakutherani mphamvu kwambiri lero, ndi chimene chakupatsaniko moyo.

Nditachita zimenezi ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti odwala ndi amene akunditopetsa, koma m'kabuku muja odwala ankapezeka kawirikawiri pamzere wa zondipatsa moyo. Zonditha mphamvu zinali mafomu, makalata otumizira odwala kwa akatswiri, zotsatira za kulabu zobwera nthawi iliyonse, ndi chitseko chotseguka katatu kapena kanayi ndili pakati pomvetsera munthu. Si ine ndekha. Kafukufuku wa Christine Sinsky ndi anzake wa mu 2016 ku United States anapeza kuti pa ola lililonse limene dokotala ankakhala maso ndi maso ndi wodwala, pafupifupi maola awiri ankathera pa kompyuta ndi padesiki. Wina wa mu 2017, wa madokotala a mabanja 142 ku Wisconsin, anapeza kuti pa tsiku la maola oposa 11, pafupifupi maola 6 ankathera m'mafayilo a pakompyuta, ndipo mphindi 86 mwa amenewo zinali za pambuyo poweruka. Kaya kwanu mumalemba pakompyuta kapena papepala, yesani nokha muone.

Masabata awiriwo akatha, werengani kabukuko mothandizidwa ndi mbali 6 zimene Maslach ndi Michael Leiter anazipeza kuti ndi kumene ntchito ndi munthu zimasemphana. Pali kuchuluka kwa ntchito. Pali mphamvu zimene muli nazo pa kayendedwe ka tsiku lanu. Pali mphoto, kutanthauza malipiro komanso kuyamikiridwa. Pali ubale ndi anzanu, pali chilungamo pogawana ntchito, ndipo pomaliza pali kugwirizana pakati pa zimene mumakhulupirira ndi zimene ntchito ikukukakamizani kuchita. Madokotala awiri a chipatala chimodzi akhoza kutoperatu pa zifukwa zosiyana kotheratu. Wina ndi kuchuluka kwa odwala. Wina odwala sakumuvuta, koma chimamudya n'chakuti ntchito ya usiku ndi ya masiku opuma imagwera iye yekhayekha. Winanso chimamupweteka n'kudziwa chithandizo chimene wodwala akufunika koma osatha kumupatsa, tsiku ndi tsiku. Mankhwala a atatuwa sangafanane.

Sankhani mbali imodzi kapena ziwiri zimene zikuonekera kwambiri. Zinazo zisiyeni kaye.

Chachinayi, konzani tsiku lanu la ntchito

Yambani ndi zimene zili m'manja mwanu. Lembani ntchito zonse zimene mumachita pa sabata n'kuziika m'milu itatu: zimene ndi dokotala yekha angachite, zimene wina angachite ataphunzitsidwa, ndi zimene zikuchitika chifukwa choti zinayamba kale koma palibe amene amazifuna. Mulu wachitatu tayani. Wachiwiri gawani, ndipo mugawe ndi mtima wonse. Namwino akhoza kuyeza BP ndi shuga wodwala asanalowe, akhoza kuphunzitsa kabayidwe ka insulin, ndipo kalaliki akhoza kulemba mbali ya fomu imene sifuna dokotala. Kuphunzitsa munthu kumadya nthawi sabata yoyamba, koma kumakubwezerani chaka chonse.

Kenako onani mmene mumayambira kucheza ndi wodwala. Nthawi imene timakhala nayo imasiyana kwambiri: kafukufuku wa mu 2017 wa mayiko 67 anapeza kuti ku Bangladesh wodwala amakhala ndi dokotala masekondi 48, pamene ku Sweden ndi mphindi 22 ndi theka. Koma kulikonse, dokotala wopanikizika amachita chinthu chimodzi, kudula wodwala mawu. Howard Beckman ndi Richard Frankel anapeza mu 1984 kuti madokotala ankadula odwala patangotha masekondi 18. Timaopa kuti tikawasiya salekeza. Komatu madokotala ena ku Basel atayesa kungokhala chete, m'kafukufuku wa mu 2002, odwala ankamaliza okha pa masekondi pafupifupi 92, ndipo ambiri sankapitirira mphindi ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musiyeni munthu amalize, kenako mufunseni kuti, "Pali chinanso chimene mwabwerera?" mpaka anene kuti palibe. Akatchula zinthu zisanu, gwirizanani: "Lero tione ziwiri izi, zinazo tidzazione mukadzabweranso." Mukatero mumapewa nkhani yaikulu ija imene imatuluka munthu atagwira kale chitseko, nthawi itatha.

Lembani za wodwala asanalowe wotsatira, ngakhale mizere itatu yokha. Zolemba zosiyidwa mpaka madzulo zimatenga nthawi yowirikiza chifukwa mumayamba mwakumbukira, ndipo ndi zimene zimakuperekezani kunyumba. Zotsatira za kulabu ndi mauthenga muzione pa nthawi ziwiri zoikika pa tsiku, kupatula zadzidzidzi zimene namwino akudziwa kuti ayenera kukuuzani pompopompo. Gwirizanani ndi anzanu kuti chitseko chikatsekedwa, wogogoda akhale ndi nkhani yosadikira. Ngati mumagwira ntchito ya mabukingi, siyani mipata iwiri yopanda munthu, wina m'mawa wina masana. Sidzakhala yopanda ntchito, chifukwa tsiku lililonse limabwera ndi zake.

Tsono pali zazing'ono zimene timachita nazo manyazi kuzitchula. Imwani madzi. Pitani kuchimbudzi thupi likafuna, osadikira kuti mzere uthe, chifukwa mzere sutha. Idyani mutakhala pansi, kutali ndi desiki, ngakhale kwa mphindi 15. Mukamaliza ndi wodwala amene wakusiyirani katundu mumtima, musaitane wina nthawi yomweyo. Sambani m'manja mosafulumira, pumani mozama kangapo, ndipo muzikumbukira kuti amene akubwerayo sakudziwa zimene zachitika m'chipindamo ndipo sayenera kuzilipira.

Chachisanu, ikani malire

Dokotala wa mabanja amadziwika ndi aliyense, ndipo ntchito imamutsatira pafoni, pamsewu, ngakhale pachisangalalo. Ngati nambala yanu ili ndi odwala ambiri, pezani ina ya ntchito yokha imene muzizimitsa mukaweruka, ndipo odwala muwauze kumene angapite zinthu zikavuta usiku. Wachibale kapena mnansi akakuonetsani chotupa panjira, yankho lake likonzeni kale: "Zimenezi zikufunika kuziona bwino. Mubwere mawa kuchipatala, kapena mupite kwa adokotala anu." Mwamuthandiza kuposa kumuuza mankhwala muli chiimire.

Akakupemphani kulowa komiti ina kapena kugwirira wina ntchito, musayankhe pomwepo. Nenani kuti, "Ndione kaye, ndikuyankhani mawa." Usiku umodzi ndi wokwanira kuti mudziwe ngati mukuvomera chifukwa chofuna kapena chifukwa choopa kukhumudwitsa. Mukavomera chatsopano, funsani kuti chakale chimene musiye ndi chiti.

Maola ali ndi malire amene thupi silinyengerera. Mu 2021 bungwe la WHO ndi la ILO, loona za ntchito padziko lonse, analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumawonjezera ngozi ya sitiroko ndi 35 peresenti, ndi ngozi yofa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Werengani maola a m'kabuku kanu kaja, kuphatikizapo a kunyumba. Za tulo nazonso n'zodziwika. Drew Dawson ndi Kathryn Reid anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene m'mayiko ambiri suloledwa kwa woyendetsa galimoto. Choncho mukachoka pa ntchito ya usiku musaonenso odwala masana ake, ndipo ngati maso akulemera musagwire chiwongolero. Khofi wa madzulo muchepetse, popeza theka lake limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi 5.

Tchuthi chanu chilembetseni kumayambiriro kwa chaka, ndipo mupeze wogwirizira musananyamuke, kuti musadzabwerere pa mulu wa masabata awiri.

Chachisanu ndi chimodzi, musasenze nokha

Ntchito yathu ndi ya anthu ambiri koma ndi yosungulumwitsa. Tsiku lonse mumakhala m'chipinda chotseka, mukumva zinsinsi zimene simungakauze aliyense kunyumba. Michael Balint, dokotala wa ku Hungary amene anasamukira ku Britain, anaona zimenezi. Iye ndi mkazi wake Enid anayambitsa magulu a madokotala a mabanja ku London m'zaka za m'ma 1950, ndipo ankaphunzitsa kuti mankhwala amene amaperekedwa kwambiri m'chipinda cha dokotala ndi dokotala mwiniyo. Ngati ndi choncho, mankhwala amenewo ayenera kusungidwa bwino. Magulu a Balint alipo mpaka lero m'mayiko ambiri.

Mukhoza kuyambitsa lanu. Pezani anzanu 6 mpaka 10, muzikumana kamodzi kapena kawiri pa mwezi kwa ola limodzi ndi theka, foni zitazimitsidwa. Mmodzi afotokoze za wodwala amene akumukhala pamtima, wopanda fayilo m'manja komanso osatchula dzina. Akamaliza akhale chete, enawo akambirane zimene zikuchitika pakati pa dokotalayo ndi wodwalayo: akumva bwanji, wodwalayo akufuna chiyani kwenikweni, n'chifukwa chiyani dzina lake likaoneka pamndandanda mtima umagwa. Si malo ophunzitsana mlingo wa mankhwala kapena odzudzulana, ndipo zonenedwa m'menemo zimathera m'menemo. Pakhale wotsogolera woti azibweza gulu likayamba kusanduka bwalo lodandaulira za mabwana. Ngati muli awiri okha m'dera lonse, kuimbirana foni theka la ola sabata iliyonse n'koyambira kabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi imene mumafunikira anzanu koposa ndi pamene mwalakwitsa, kapena wodwala wakadandaula za inu. Mu 2000 Albert Wu analemba kuti cholakwa cha kuchipatala chimavulaza wodwala choyamba, koma chimavulazanso dokotala amene wachichita. Amene zinamuchitikirapo akudziwa: kudzuka 3 koloko usiku n'kumabwereza m'mutu mphindi zomwezo, kuyamba kuyezetsa aliyense chilichonse chifukwa cha mantha. Chitani zoyenera kwa wodwala ndi abale ake, auzeni zoona, pepesani, lembani lipoti. Kenako, sabata isanathe, khalani pansi ndi dokotala wamkulu amene mumamukhulupirira mumufotokozere zonse. Ndipo mukamva kuti zagwera mnzanu, musadikire kuti akupezeni. Pitani inuyo.

Kunyumba auzeni mwachidule zimene zikuchitika. Iwo anaona kale kuti mwasintha, ndipo mwina akudziimba mlandu. Bwezeretsani chinthu chimodzi chimene munasiya chifukwa cha ntchito, kaya ndi kuyenda ndawala, kuimba, kulima kapena kupemphera ndi anzanu, ndipo muchipatse tsiku ndi ola monga mumachitira ndi kiliniki.

Chachisanu ndi chiwiri, kambiranani ndi oyang'anira

Zonse ndatchulazi zili ndi polekezera. Ngati dokotala mmodzi akugwira ntchito ya atatu, kupuma mozama sikungabweretse awiri enawo. Maria Panagioti ndi anzake ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2017, anapeza kuti kusintha kayendetsedwe ka ntchito kumachepetsa kutoperatu kuposa njira zongolimbitsa dokotala payekha. Zimandiwawa ndikaona dokotala wothodwa akutumizidwa kumaphunziro a kupirira, n'kubwerera pa mzere womwewo ndi anthu ochepa omwewo.

Pitani kwa oyang'anira ndi kabuku kanu, osati ndi mkwiyo. "Ndatopa" amayankha ndi "tonse tatopa". Koma mukanena kuti mwagwira maola 62 pa sabata, 11 mwa amenewo pa mafomu amene kalaliki angathe, nkhani imakhala ina. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika bwino, monga theka la tsiku lopanda odwala loti muzimalizira zolemba, kapena kugawananso ntchito ya usiku mwachilungamo. Nenani kuti muyese kwa miyezi itatu kenako muunikenso. Onetsani phindu lake kwa odwala ndi kwa chipatala, popeza dokotala akachoka, kupeza wina kumatenga nthawi yaitali. Ngati anzanu akuvutika chimodzimodzi, pitani pamodzi.

Pemphaninso mpata wa ntchito imene mumaikonda kwambiri. Tait Shanafelt ndi anzake anapeza mu 2009 kuti madokotala amene ankathera nthawi yosakwana 20 peresenti pa mbali ya ntchito imene ankaiona kuti ndi yatanthauzo kwa iwo ankatoperatu kwambiri kuposa anzawo. Pa sabata ya masiku 5, limenelo ndi tsiku limodzi. Kwa wina ndi kuphunzitsa ophunzira, kwa wina ndi kiliniki ya ana, kwa wina ndi kuyendera okalamba ndi odwala amene ali kumapeto kwa moyo. Mzere wachiwiri wa m'kabuku kanu uja ukuuzani kuti yanu ndi iti.

Ngati woyang'anira ndinu, yambani ndinu kuweruka pa nthawi yake ndi kutenga tchuthi. Achinyamata amaonera inu, ndipo sangapemphe chimene bwana wawo sadzipatsa.

Pomaliza, dzipatseni tsiku lobweranso

Lembani pakalendala tsiku la masabata 6 kuchokera lero. Likafika, yankhaninso mafunso a poyamba aja pamodzi ndi PHQ-9, werenganinso maola anu, ndipo mufunse munthu wa kunyumba ndi namwino amene mumagwira naye ntchito ngati akuona kusintha. Iwo amaona msanga kuposa inu. Ngati zikusintha, tengani mbali yotsatira pa 6 zija. Ngati zili pomwepo kapena zaipiraipira, bwererani kwa dokotala wanu mukakambirane zopuma kaye pa ntchito. Akakulemberani masiku opuma, apumeni onse, foni ya ntchito ili kwa wina. Pobwerera musayambe ndi katundu yense: gwirizanani zoyamba ndi masiku ochepa, popanda ntchito ya usiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndipo chinthu chimodzi mwa zimene zinakugwetsani chikhale chitasintha musanalowenso pakhomo.

Zikachitika kuti mwayesa zonsezi kwa miyezi ingapo, mwalankhula ndi oyang'anira kawiri katatu koma palibe chikusuntha, yambani kufufuza zochepetsa masiku ogwira ntchito kapena zosamukira kwina. Chosankha chotere musachipange pakati pa usiku kapena sabata imene mwakhumudwa kwambiri. Dikirani mutapumako, mukambirane ndi a kunyumba ndi mnzanu mmodzi wa ntchito yomweyi, muwerengere ndalama zimene mudzafunike pa miyezi yoyamba, ndipo odwala anu a nthawi yaitali muwauze pasadakhale amene adzawaone inu mukachoka.